Ndalama, Gawo 65 ndi Kavotedwe: Zomwe Ndale za ku Mulanje Zikutiphunzitsa

Chiyambire ndale za zipani zambiri mu 1994, dera la pakati m'boma la Mulanje lakhala ndi aphungu awiri odziwika dziko lonse, a Brown Mpinganjira ndi a Kondwani Nankhumwa. Onse awiri anakwera mpaka kufupi ndi mpando waukulu wa chipani chawo, kenako anasemphana ndi mtsogoleri wa chipanicho ndipo anatchedwa nkholokolo. A Mpinganjira anayambitsa gulu la NDA mu 2001 n'kupikisana nawo pa upulezidenti mu 2004. A Nankhumwa, omwe anatenga mpando wa derali mu 2009, anachotsedwa m'chipani cha DPP mu Januwale 2024, anayambitsa PDP, n'kupikisana nawo pa upulezidenti mu 2025.

Nkhani imodzi ikabwereza chonchi patatha zaka zoposa 20, vuto siliri pa mitima ya anthu awiri okha. Liri m'malamulo ndi m'chizolowezi cha ndale zathu. Anthu akamakamba zokonza ndale amagawa nkhaniyi patatu: ndalama zoyendetsera zipani ndi kampeni, mwambo wa m'zipani, ndi njira yosankhira atsogoleri. Koma zitatuzi n'zolumikizana. Ndalama ndizo zimasankha woimira chipani, kavotedwe kathu kamachititsa kuti kugula mavoti ochepa kukhale kopindulitsa, ndipo phungu amene walowa m'Nyumba ya Malamulo ali ndi ngongole sachedwa kusamukira kumene kuli chakudya. Kukonza chimodzi n'kusiya zinazo sikungatifikitse patali.

Mtengo wa mpando wa phungu

Aliyense amene anaonapo kampeni pa Chitakale, pa Nkando, pa Limbuli kapena pa Muloza akudziwa chomwe wofuna uphungu amanyamula. Amabwera ndi nsalu, matisheti, shuga, mpira ndi mayunifolomu a timu ya achinyamata, ndiponso kangachepe kogawira amayi ovina ndi anyamata a zimkuzamawu. Pamaliro amayembekezeredwa kugula bokosi ndi kutumiza galimoto. Ambiri amagula ambulansi n'kuilemba dzina lawo chisankho chisanafike n'komwe.

Kafukufuku yemwe katswiri wa ndale Michael Wahman anachita mothandizidwa ndi bungwe la Westminster Foundation for Democracy anapeza kuti pa chisankho cha 2019 wopikisana mmodzi ankagwiritsa ntchito pafupifupi K14.8 miliyoni, pamene opambana ankafika pa K27 miliyoni, ndalama yoposa malipiro a phungu a chaka chonse pa nthawiyo. Mtengo wongolembetsera ku bungwe la MEC, womwe unali K500,000 kwa abambo mu 2019, unafika pa K2.5 miliyoni mu 2025, ndipo amayi ankalipira theka lake.

Mulanje ndi boma la anthu ochuluka, oposa 684,000 pa kalembera wa 2018, pamene malo olima ndi ochepa chifukwa gawo lalikulu la nthaka yabwino lili ndi tiyi. Mayi wotchola tiyi pa esiteti, kapena bambo amene munda wake unakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, akalandira K2,000 pamsonkhano sitinganene kuti ndi wopusa. Iye waona kuti kwa zaka zisanu zikubwerazo mwina sadzaonanso kanthu kuchokera kwa munthu ameneyu, ndiye atenga chomwe chili pafupi. Koma zotsatira zake n'zowawa. Mphunzitsi wopuma, namwino kapena mlimi wanzeru amene akudziwa mavuto a mudzi wake sangayerekeze kupikisana. Mpando umatsalira amalonda, nduna zakale ndi amene ali ndi wina kumbuyo wowapatsa ndalama. Winayo sapereka mwaulere, amadzafuna kontirakiti.

Ndalama za zipani zimachokera kuti?

Gawo 40 la Malamulo oyendetsera dziko limati boma lizipereka ndalama ku chipani chilichonse chomwe chapeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi pa chisankho cha aphungu. Ndalamazi n'zothandiza, koma sizifika pa zomwe zipani zimamwaza pa kampeni. Mamembala nawo sasonkha mokwanira. Khadi la chipani linanyansa anthu m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene munthu wopanda khadi ankabwezedwa pamsika ndi pokwera basi, ndipo kuyambira 1994 zipani zakhala zikuopa kupempha anthu kuti azilipira umembala. Motero chipani chimadalira thumba la mtsogoleri wake ndi la anzake amalonda. N'chifukwa chake mtsogoleri amasanduka mwini chipani, ndipo womutsutsa amaoneka ngati mwana wosayamika.

Pamene ndalama zikubwera mumdima, chuma cha boma sichikhala patali. Nkhani ya Cashgate itaphulika mu Seputembala 2013, mmodzi mwa omwe anapezeka olakwa anali a Oswald Lutepo, mkulu wa m'chipani cholamula cha PP, omwe analamulidwa kukhala m'ndende zaka 11 mu 2015. Mu 2017 mabungwe omenyera ufulu wa anthu anatengera DPP kukhoti chifukwa cha ndalama zomwe makhonsolo ena ndi makampani a boma anapereka ku phwando losonkhetsera ndalama za chipani lotchedwa Blue Night. Mu 2018 lipoti la bungwe la ACB linaulula kuti K145 miliyoni yochokera ku kampani ya Pioneer Investments, yomwe inali ndi kontirakiti yopereka chakudya ku polisi, inalowa mu akaunti ya DPP. ACB inati Pulezidenti Peter Mutharika sanapindule nazo payekha, koma funso la kumene zipani zimapeza ndalama linatsala poyera. MCP ndi UTM, zomwe zinkadzudzula kwambiri zili kotsutsa, zitalowa m'boma mu 2020 sizinathamangire kuonetsa mabuku awo.

Lamulo loyendetsera zipani la 2018, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Disembala chaka chimenecho, linabwera kudzachiza matendawa. Limati chipani chiziulula kwa mkulu woyang'anira zipani thandizo lililonse la K1 miliyoni kapena kuposa lochokera kwa munthu, ndi la K2 miliyoni kapena kuposa lochokera ku kampani. Limaletsanso kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota, ndipo wolakwa angalipe K10 miliyoni ndi kukhala m'ndende zaka zisanu. Pa pepala ndi lamulo labwino. Koma ofesi yoliyendetsa inakhala yopanda mwini wake weniweni mpaka 2024, pamene a Kizito Tenthani anasankhidwa, ndipo bungwe la maloya la Malawi Law Society linachita kupita kukhoti kuti lione zomwe zipani zinaulula. Lamuloli lilinso ndi mipata iwiri yaikulu. Silinaike malire a ndalama zomwe munthu angapereke ku chipani kapena kugwiritsa ntchito pa kampeni, ndipo limalola zinthu monga nsalu za chipani, chakudya ndi ndalama zoyendera za obwera kumsonkhano. Wandale wochenjera amangotcha chilichonse kuti ndi "thiransipoti".

Gawo 65 ndi mbiri yake

Gawo 65 limati Sipikala azilengeza kuti mpando wa phungu uli wopanda munthu ngati phunguyo, yemwe anasankhidwa ali membala wa chipani china, wachisiya mwa kufuna kwake kapena walowa chipani china chomwe chili m'Nyumba ya Malamulo. Cholinga chake n'chomveka: voti yomwe mlimi wa kwa Mabuka kapena kwa Chikumbu anaponya poona chizindikiro cha chipani isasamutsidwe popanda kumufunsa. Gawo lomweli limatetezanso phungu, pakuti limanena kuti ali ndi ufulu wovota m'Nyumbamo monga akuonera, ngakhale motsutsana ndi chipani chake, osataya mpando. Ufulu umenewu unapulumutsa dziko pa 4 Julayi 2002, pamene bilu yochotsa malire a nthawi yolamulira pulezidenti inagwa itaperewera mavoti atatu okha.

Pachiyambi panalinso Gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo zaka zisanu zisanathe. Aphungu analichotsa mu 1995, Malamulowo asanathe ndi chaka chimodzi chomwe. Chotero mwini voti anatsala wopanda ndodo, ndipo ndodo yomwe inatsala ya Gawo 65 inakhala m'manja mwa andale okhaokha.

Mmene andale aigwiritsira ntchito ndodoyo, Mulanje ndi mboni. A Mpinganjira atachotsedwa unduna kumapeto kwa 2000 n'kuyambitsa NDA, yomwe poyamba inkadzitcha gulu lokakamiza boma osati chipani, Nyumba ya Malamulo inakulitsa Gawo 65 mu 2001 kuti likhudzenso phungu wolowa bungwe lililonse la zolinga zandale. Aliyense ankadziwa amene akusakidwa. Bungwe la mipingo la PAC linakatsutsa kusinthaku, ndipo mu 2003 khoti lalikulu linagamula kuti mawu owonjezerawo akuphwanya ufulu wosonkhana.

Mu Febuluwale 2005 zinthu zinatembenuka. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatuluka mu UDF, chipani chomwe chinawalowetsa m'boma, n'kuyambitsa DPP, ndipo aphungu makumimakumi anawatsatira, kuphatikizapo a Patricia Kaliati a kumadzulo kwa Mulanje. Tsopano UDF ndi MCP ndizo zinkafuula za Gawo 65, pamene boma linkafunsa makhoti ngati gawoli n'lovomerezeka n'komwe. Khoti la Supreme linagamula mu Juni 2007 kuti ndi lovomerezeka, koma ziletso za makhoti zinamanga manja a Sipikala Louis Chimango. Otsutsa anakana kukambirana bajeti mpaka nkhaniyi itathetsedwa, ndipo mu 2007 ndi 2008 ndondomeko ya zachuma inachedwa miyezi, alimi akudikira makuponi a feteleza. Nthawi ya Nyumbayo inatha mu 2009 osamukawo ali pamipando yawo. Bingu atamwalira mu Epulo 2012, aphungu ambiri a DPP anathamangira ku PP ya Mayi Joyce Banda, ndipo DPP, yomwe dzulo lake inkathawa Gawo 65, inayamba kulilirira. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, koma palibe chipani chomwe chaphunzirapo.

Gawoli lilinso ndi zibowo. Silikhudza phungu amene anapambana ataima payekha, ngakhale atalowa chipani cholamula tsiku lotsatira kulumbira. Silikhudzanso amene wachita kuchotsedwa, popeza sanachoke mwa kufuna kwake. Ena amangolengeza kuti "agwira ntchito ndi boma la lero" osatchula kuti achoka m'chipani. Ndipo wogamula ndi Sipikala, yemwe naye anafika pampando wake ndi mavoti a zipani zomwezo.

Chipulula chikavunda

Mwambo sungafunidwe kwa phungu yekha, chipani nacho chiyenera kutsata malamulo ake. Mkangano wa DPP pa za mtsogoleri wa zipani zotsutsa boma m'Nyumba ya Malamulo unasonyeza zimenezi. Mu 2020 chipanichi chinalengeza kuti chachotsa a Nankhumwa pamodzi ndi ena, kuphatikizapo a Yusuf Nthenda, phungu wa kumadzulo kwa Mulanje, koma khoti linaimitsa chigamulocho. Mu 2022 chinasankha a George Chaponda a kumwera chakumadzulo kwa Mulanje kuti atenge udindowo kwa a Nankhumwa, ndipo nkhani inabwereranso kukhoti. A Chaponda anadzakhala pampandowo mu 2024. Kwa zaka pafupifupi zinayi, pamene mitengo ya zinthu inkakwera ndipo Freddy anagwetsa milatho ndi nyumba m'bomali, aphungu atatu a boma limodzi anali pakati pa mlandu wolimbirana mpando.

Muzu wa zonsezi ndi chisankho chachipulula. Kumadera ngati Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, komwe chipani chimodzi chili ndi mphamvu zochuluka, monga ilili MCP ku Dowa kapena ku Kasungu, chipulula ndicho chisankho chenicheni. Komabe chimachitika popanda mndandanda wodalirika wa mamembala. Makomiti a m'madera amabadwa usiku umodzi, malo ovotera amasinthidwa mwadzidzidzi, ndipo nthawi zambiri ovota amachita kuima pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna, wowapatsa ndalama dzulo akuwayang'ana. Woberedwa amaima payekha, akuuza anthu kuti pa upulezidenti avotere mtsogoleri wa chipani chomwecho. Motero aphungu oima paokha anali 52 mu 2014, anafika 55 mu 2019, chiwerengero chofanana ndi cha MCP, ndipo mu 2025 anali pafupifupi 70 pa mipando 229. Anthu amenewa Gawo 65 siliwafika, ndipo boma lililonse lopanda aphungu okwanira limayamba kukambirana ndi iwowo. Bajeti ndi malamulo a dziko zimadutsa ndi mavoti omwe mtengo wake sudziwika kwa anthu.

Njira yovotera

Tinatengera kwa Angelezi njira yoti amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, ndiye wapambana. Pa upulezidenti njirayi inatipatsa atsogoleri osankhidwa ndi anthu ochepa: Bingu anapambana ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse mu 2004, Peter Mutharika chimodzimodzi mu 2014, ndipo mu 2019 MEC inalengeza kuti apambana ndi 38.6. Munthu ankatha kulowa ku nyumba ya boma podalira chigawo chake ndi mtundu wake basi. Nthambi yapadera ya bungwe lounika malamulo, yotsogozedwa ndi Jaji Anthony Kamanga, inalangiza mu 2017 kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka, koma aphungu anakana mu Disembala chaka chomwecho. Chomwe aphungu anakana, makhoti anachikhazikitsa. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu anafafaniza chisankho cha 2019 n'kunena kuti Malamulo amafuna mavoti oposa theka, ndipo khoti la Supreme linavomereza mu Meyi. Lazarus Chakwera anapambana chachibwereza cha pa 23 Juni 2020 ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100, ndipo pa 16 Seputembala 2025 Peter Mutharika anabwerera ndi 56.8. Lamulo limeneli la 50+1 lakakamiza zipani kufunafuna mavoti kunja kwa kwawo, ndipo ichi n'chipambano chenicheni.

Koma aphungu ndi makhansala akusankhidwabe mwakale. Tiyerekeze dera lomwe opikisana alipo 8, atatu mwa iwo ochokera m'chipani chimodzi chomwe chipulula chake chinasokonekera. Wina angapambane ndi mavoti 25 pa 100, anthu 75 pa 100 atamukana. Pamene kusiyana kuli mavoti mazana ochepa, matumba a ufa ogawidwa m'midzi iwiri sabata yomaliza angathe kusintha zotsatira. Apa ndi pamene kavotedwe kamakumana ndi ndalama. Njirayi imachititsanso kuti wotsatira MCP wa ku Mulanje ndi wotsatira DPP wa ku Ntchisi aziona ngati voti yawo ya phungu ilibe ntchito, ndipo mapu a dziko amaoneka ogawikana kuposa mmene anthu alili. Amayi nawo amavutika: mu 2014 anapeza mipando 32 yokha pa 193. Nthambi ya a Kamanga inalangizanso kuti boma lililonse likhale ndi mpando umodzi wopikisana amayi okha, koma izi sizinachitike.

Kungowoloka pa Muloza kulowa ku Milange, anzathu a ku Mozambique amavotera mndandanda wa chipani m'chigawo chonse, ndipo mipando imagawidwa molingana ndi mavoti. South Africa imachitanso chimodzimodzi. Ubwino wake ndi woti mavoti ochepa okha ndiwo amatayika. Kuipa kwake n'koti amene amalemba mndandanda ndi akuluakulu a chipani, ndiye phungu amaopa likulu kuposa mudzi. M'dziko lomwe zipani zili kale ndi eni ake, njira imeneyi payokha ingawonjezere matenda. Ndiponso Mmalawi amafuna phungu yemwe akudziwa pakhomo pake.

Lesotho inasankha njira ya pakati. Mu 1998 chipani cha LCD chinatenga mipando 79 pa 80 ndi mavoti pafupifupi 60 pa 100, ndipo m'dzikomo munabuka ziwawa. Kuyambira 2002 amasankha aphungu 80 m'madera, ndi ena 40 ogawidwa molingana ndi mavoti a chipani. Njirayi sinathetse mavuto onse a dzikolo, pakuti maboma a mgwirizano akhala akugwa pafupipafupi, mwa zina chifukwa cha kusamuka kwa aphungu. Phunziro lake ndi lomwelo: kusintha kavotedwe popanda kukonza mwambo wa m'zipani sikukwanira.

Tiyambire pati?

Poyambira ndi pa ndalama, chifukwa lamulo lilipo kale. Ofesi ya mkulu woyang'anira zipani ipatsidwe ndalama ndi antchito mpaka m'maboma, kuti wodandaula wa ku Chonde kapena ku Mimosa asachite kukwera basi ya ku Lilongwe. Maina a othandiza zipani azisindikizidwa poyera chaka chilichonse, monga South Africa yakhala ikuchitira kuyambira 2021 pa thandizo lalikulu. Chipani chosapereka mabuku owerengeredwa chisalandire ndalama za Gawo 40. Pakhale malire a ndalama za kampeni, ndipo kampani yomwe ili ndi kontirakiti ya boma iletsedwe kuthandiza chipani.

Chachiwiri ndi chipulula. Chipani cholandira msonkho wa anthu si katundu wa munthu mmodzi. Lamulo lichikakamize kukhala ndi kaundula wa mamembala, kuvota mwachinsinsi, ndi bwalo lomva madandaulo tsiku lopereka maina ku MEC lisanafike.

Chachitatu, Gawo 65 likonzedwe. Phungu woima payekha amene walowa chipani abwerere kwa anthu kukapempha chilolezo pa chisankho chapadera. Chigamulo chichoke m'manja mwa Sipikala yekha, chipite ku khoti lomwe lapatsidwa masiku owerengeka oti limalize mlandu. Ufulu wovota monga phungu akuonera usakhudzidwe, ndipo wochotsedwa m'chipani asataye mpando pokhapokha khoti litaona kuti chipanicho chinatsata malamulo ake, apo ayi mwini chipani adzakhala mwini Nyumba ya Malamulo. Gawo 64 libwerere, lili ndi zotchinga zokwanira kuti wogonja pa chisankho asamaligwiritse ntchito pobwezera.

Chachinayi, dziko likambirane mosabisa za njira yosakaniza: aphungu ambiri azichokera m'madera monga lero, ena ochepa azigawidwa molingana ndi mavoti a zipani, mndandanda wake ukhale wosinthanitsa mayi ndi bambo. Izi zichitike popanda kuwonjezera pa mipando 229, yomwe ikulemera kale pa msonkho wathu.

Pomaliza pali ntchito ya phungu. Thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, lomwe linayamba mu 2006 n'kufika pa K200 miliyoni pa dera mu 2024, linazika maganizo oti phungu ndi womanga milatho ndi zipinda zophunzirira. Mu Meyi 2025 khoti linagamula kuti aphungu kuyendetsa thumbali n'kosemphana ndi Malamulo a dziko, chifukwa woyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma sangakhalenso wozigawa. Chigamulochi chikuyenera kutetezedwa. Phungu akasiya kukhala wogawa zinthu, mtengo wa mpando wake udzatsika.

Aphungu sadzasintha okha malamulo omwe anawalowetsa m'Nyumba ya Malamulo. Mu 1995 anachotsa Gawo 64, mu 2017 anakana 50+1, ndipo zabwino zomwe tapeza zabwera chifukwa mipingo, mabungwe, makhoti ndi anthu wamba anakakamira. Choncho inu ovota a ku Mulanje ndi kwina konse, wofuna mpando akadzafika m'mudzi mwanu chisankho cha 2030 chisanachitike, mufunseni pamaso pa mfumu ndi anthu onse: ndalama mukugawazi wakupatsani ndani, mukadzasintha chipani mudzabwera kudzatifunsa, ndipo kodi mudzavotera kuti Gawo 64 libwerere? Amene akukana kuyankha mafunso atatuwa musamupatse voti yanu.